Mabawuti Asanu pa Njinga ya Asnawi

Kwathu kuno, m'mbali mwa msewu wa ku Meulaboh, mukafunsa wokonza njinga aliyense adzakulozerani kwa Syamaun, amene ana ndi akulu omwe timangomuti Cek Maun. Musayembekezere kuti akulandirani ndi mano poyera. Ndi munthu wamfupi, wouma ngati nsomba ya padzuwa, ndipo akati tayala lanu latha ndiye kuti latha, musachite naye makani. Anzake onse a ntchitoyi amakhala moyang'ana msewu kuti aziona makasitomala, koma iye amaupatsa msana. Ena amati ndi matama. Si matama ayi. Kutsidya kwa msewuwo kuli chitunda, ndipo Cek Maun safuna kuchiona.

Ntchitoyi anaiyamwira kwa amalume ake, nthawi imene msewu uno unali wa miyala ndi maenje, mabawuti ankagwedera okha n'kugwera m'tchire njinga ili pa ulendo. Amalumewo anali ndi njira yawo. Akamanga bawuti ankatenga msomali wa chitsulo cholimba, n'kuukhazika m'mphepete mwa bawutilo, hamala pamwamba, kho! kho! kho! Timaenje titatu. Mazinga ankapindika pang'ono, ndipo bawuti limenelo silinkamasukanso lokha mpaka njinga kukalamba. Maun anatengera zomwezo, nazikonda kuposa eni ake. Ankadzitama kuti njinga yodutsa m'manja mwake sibwerera ndi vuto lomwelo, ndipo zinali zoona, abale, tisamunamizire. Mpaka lero mukawerama pansi pa njinga zakale kumsika mudzaona timaenje titatu, mudzadziwa kuti apa panadutsa Maun.

Mmodzi mwa makasitomala ake anali Asnawi, wogulitsa nsomba, wamkulu kwa Maun ndi zaka zisanu. Bang Nawi, monga tinkamuitanira, anapuwala mwendo wamanzere ali mwana. Pansi ankayenda mokoka, kuchoka pa mzikiti kufika pomwera khofi ankapuma kawiri. Koma mumuike pa njinga! Madengu awiri a nsomba kumbuyo, lipenga la mphira pa handulo, ankadutsa akutukwana aliyense womutsekera njira. Njinga ndiyo inali miyendo yake, ndipo ankaifuna yothamanga kuposa za anzake, pakuti wofika msanga m'midzi ndiye amagulitsa nsomba isanafewe.

Tsiku lina anabwera ndi mbale ya tcheni, ija ya mano imene imazungulira pamodzi ndi mapedulo, yaikulu ngati chivundikiro cha poto. Anaipeza mumzinda wa Banda, yochoka pa njinga ya mpikisano. Mano 52.

"Imeneyi ndi ya anyamata a mawondo abwino, Bang," anatero Maun. "Pachigwa ikuulutsani, koma pachitunda ikuliritsani."

"Ndimagulitsa nsomba pachitunda ine? Kumeneko kuli anyani okhaokha, ndipo sagula. Tamanga, iwe!"

Maun anamanga. Mabawuti asanu, lililonse timaenje take titatu. Kambale kakang'ono kamene anachotsa anakakoleka pa msomali m'shopu.

Kwa zaka zinayi Asnawi anawadyetsa fumbi anzake onse. Kenako bondo la mwendo wabwino uja linayamba kutupa. Lachisanu lina, anthu atangotuluka mumzikiti, Maun anali pa khonde la Kak Biah, mayi wogulitsa khofi ndi za m'golosale pafupi ndi shopu yake, akusewera domino, ndipo tsiku limenelo zinkamuyendera. Asnawi anaima pakhomo osatsika njinga.

"Maun, tandibwezera kambale kanga kaja. Bondoli landikana."

"Ha! Nyalugwe wa pamsewu wakalamba?" Anthu anaseka.

"Seka, nawenso zikubwera. Ndi mabawuti asanu okha."

"Asanu okhoma, Bang. Imeneyo ndi ntchito ya tsiku lonse. Bwerani Lolemba."

Bodza lamkunkhuniza! Bawuti lopanda dzimbiri umangopala timaenje ndi tupa, kupotokola, basi. Khofi amene anali patebulo sakanazizira n'komwe. Koma m'manja mwa Maun munali madomino abwino, ndipo kudzuka kunamuwawa. Asnawi anangopukusa mutu, nati, "Lolemba ndiye Lolemba." Analiza lipenga lake kawiri, napita.

Lamulungu m'mawa dziko linagwedezeka, nyanja inabwerera m'mbuyo, kenako inabwera. Za tsiku limenelo sindinena zambiri, aliyense kuno ali ndi zake ndipo sitifunsana. Maun anali kumtunda, anapita kukagula matayala. Mkazi wake ndi mwana wake sanapezeke mpaka lero. Amenewo amawalira monga tonse timalirira athu, pa sadaka ya chaka ndi chaka, ndipo mtima umatsikako. Madzi anawatenga, dzanja lake silinalipo. Za Asnawi ndi zina.

Anamufotokozera ndi Kak Biah, tili m'matenti. Mayiyo anapulumukira pa lole ya mchenga imene inkakwera chitunda itadzaza anthu tho. Pa khona la pamtengo wa mango anaona Asnawi, mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri ali pa kaliyala. Anali ataimirira pa mapedulo, misempha ya m'khosi ili panja, njinga itangoti njo, yosasuntha, ngati wina waigwira kumbuyo. Asnawi anakwatula mwanayo n'kumuponya m'manja mwa anthu a pa lole. Lole sinaime. Madzi anakafika mapazi makumi atatu pamwamba pa khonalo, n'kubwerera. Mapazi makumi atatu okha! Munthu wa miyendo iwiri yabwino akanataya njinga n'kuthamanga.

Kuyambira pamenepo Maun anadzipezera mawu oti azigonera. "Pakhona paja palibe njinga yokwera ndi katundu. Aliyense amatsika n'kukankha." Ankawanena pa khofi popanda womufunsa, ankawanena kwa makasitomala, mpaka tinatopa nawo. Ngati njinga iliyonse imakanika pamenepo, ndiye kuti mbale yaikulu ndi yaing'ono n'chimodzimodzi, ndiye kuti Lachisanu lija silinaphe munthu. Domino anasiyiratu. M'shopu yatsopano sanakhomenso bawuti la munthu. Komabe Lamulungu lililonse, dzuwa likangokwera pang'ono, ankamva kumbuyo kwake kulira kwa tcheni yokokedwa mopyola mphamvu, kwee, kwee, kenako zii. Sankacheuka. Ankangofinya sipanala mpaka zala kuchita dzanzi, kudikira lipenga, ndipo lipengalo silinkalira.

Zinatero zaka makumi awiri.

Lachiwiri lina m'mawa kunamveka mawu a mkazi kumbuyo kwake. "Assalamu alaikum, Cek."

Anayankha moni, natembenuka, ndipo anazindikira njinga asanazindikire munthu. Matayala atsopano, tcheni yatsopano, utoto watsopano. Koma pa pedulo ya kumanzere panali chipika cha mtengo chomangirira ndi waya, choti mwendo waufupi uzifikira.

"Simukundidziwa, Cek? Ndine Nurbaiti, mwana wa Asnawi."

Anali mayi wowonda kwambiri, masaya olowa m'kati, mpango wotuwa kumutu. Anakulira kwa azakhali ake ku Banda, ndipo tsopano anabwerera kudzakhala m'nyumba zimene anatimangira pamwamba pa chitunda. Njingayo inapezeka m'munda wa mpunga miyezi itatu madzi ataphwa, ndipo achibale anaipachika kudenga zaka zonsezi.

"Zonse akonza, Cek, kwatsala mbaleyi. Ndi yolemera, siingandifikitse kunyumba. Amisiri atatu alephera kuimasula, onse akuti tidule ndi makina. Ine chitsulo cha Ayah, bambo anga, sindifuna chidulidwe. Wachitatuyo ndiye anati amene anakhoma timaenjeti akamasule yekha zake."

"Gula ina, Nyak, mwanawe," anatero Maun osamuyang'ana. "Zilipo zabwino, zopepuka. Iyi yadya mchere."

"Sindikufuna ina."

Kak Biah, amene pano ndi nkhalamba koma pakamwa sipanakalambe, anali akusefa khofi pa khonde lake. "Iwe Maun, manja akupuwala liti? Tsiku lililonse umatisokosa kuti kuno mmisiri ndiwe wekha. Wakhoma wekha, masula wekha, mwanayu asaime padzuwa!"

Anailandira. Akanatani?

Tsiku loyamba anazula mbale pamodzi ndi mkono wake wa pedulo, naiviika m'beseni la palafini wosakaniza ndi oyilo wakuda. Sanagwirenso ntchito ina. Anakhala pambali pa beseni kuyang'ana timathovu tikukwera, ndipo fungo limene linatuluka sanalikonde. Silinali la dzimbiri lokha. Linali la matope aja, amene aliyense wa ife angalidziwe ngakhale atamumanga m'maso.

Tsiku lachiwiri anapala timaenje take ndi tupa, limodzilimodzi, khumi ndi tisanu. Ndiye vuto la mabawuti amenewa ndi lakuti ali pawiri. Kutsogolo kuli mutu wolowetsamo kiyi, kumbuyo kuli nati yathyathyathya ya kamng'alu kamodzi, ndipo dzimbiri likawagwirizanitsa, ukapotokola kutsogolo kumbuyo nakonso kumazungulira, mpaka dzuwa kulowa osamasula kanthu. Maun anapempha supuni yakale kwa Kak Biah, naidula, naisongola kuti ikhale ndi timano tiwiri tolowa m'kamng'aluko.

"Supuni yanga yabwino!" anadandaula Kak Biah.

"Inali yopindika kale, Kak."

"Nawenso ndiwe wopindika, koma sitinakudule."

Anapana supuniyo pa chopanira, nakhazika nati pamenepo, nawotcha bawuti ndi kamoto ka gasi mpaka palafini kufuka, naligogoda pang'onopang'ono, kenako nakanikiza kiyi ndi thupi lonse. Bawuti linakana, linakana, kenako linalira. Kwee! Maun anataya kiyi n'kudumphira kumbuyo. Kunali kulira komwe kuja kwa Lamulungu. M'kabowomo munatuluka mchenga wakuda, wosalala, n'kuthothokera pa benchi. Anausesera m'kachitini, pakuti kuupemerera pansi kunamukanika.

Awiri anatuluka tsiku limenelo, awiri tsiku lotsatira. Bawuti lachisanu linakana kwamtuwagalu. Mutu wake unadyeka, kiyi inkangozungulira m'kati.

Nurbaiti ankabwera masana aliwonse, n'kukhala pa tayala lakale, osayankhula zambiri. Kak Biah ankamubweretsera timphan, timikate tathu ta m'masamba a nthochi, iye ankanyema kachidutswa n'kusiya. Tsiku lachitatulo, Maun akulimbana ndi bawuti lotsala, mayiyo anati:

"Cek, anthu amati inu mumanena kuti pakhona paja njinga ya katundu sikwera."

"Ndimatero."

"Ngakhale ku Banda mawu amenewo anandipeza. Ndinati ngati mmisiri watero ndiye n'zoona." Anakonza mpango wake. "Katunduyo ndinali ine, Cek."

Dzanja la Maun linaima.

"Ndinali wonenepa. Ayah ankanditcha kathumba ka mpunga. Ndimakumbukira msana wawo, malaya atanyowa, akupuma ngati ng'ombe, njinga yosapita. Akanakhala okha akanakwera. Ine ndinangokhala phwii pa kaliyala, kuwagwira m'chiuno, osaganiza n'zodumpha zomwe." Anaseka kuseka kosasangalatsa. "Azakhali anandiyendetsa kwa madokotala chifukwa cha kusadya. Mpunga umandiima pakhosi, Cek. Ndikakhuta ndimachita manyazi."

Maun anaika kiyi pa benchi. Kalanga ine! Mawu amene iye ankagonera, mwana wa mnzake ankadzuka nawo, zaka makumi awiri. Anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ubwere mawa, Nyak. Mawa itha."

Nurbaiti atapita, Kak Biah anabwera kudzatenga mbale yake ya timphan. Sanachoke msanga. Anaima pamenepo, akupukuta mbale youma kale.

"Lachisanu lija ndinalipo, Maun," anatero motsitsa mawu. "Khofi uja ndinakuthirira ndine."

"Ndinkayesa munaiwala, Kak."

"Ndinaiwala mayina a adzukulu anga, koma zimenezo ayi. Ndinakhala chete chifukwa unali utaferedwa, ndipo wakufa sakanadzuka. Koma uyu ndi wamoyo, wamuona mikono?"

M'mawa mwake Maun anatenga chiboolero cha pamanja, osati cha magetsi, kuopa kuti chingaterereke n'kuluma chitsulo cha Asnawi. Anaboola pakati penipeni pa bawuti lachisanu, kuyamba ndi kamsonga kakang'ono, kenako kokulirapo, kudontheza oyilo, kupukusa, kupuma. Dzuwa lili pamutu, mutu wa bawuti unathothoka n'kugubuduka pansi. Mbale ya mano 52 inachoka yathunthu, yopanda bala.

M'kabati munali mbale ziwiri zolowa pa mabowo amenewo, ya mano 44 ndi ya mano 36. Maun ankadziwa ntchito yake. Ndi ya 44 mayiyo akanayenda bwino pachigwa, n'kukatsika pakhona paja monga amatsikira aliyense, ndipo palibe akanati mmisiri walakwitsa. Mawu ake aja akanakhalabe chilili. Mulungu amukhululukire, anaiika. Anamanga bawuti loyamba, namanga lachiwiri. Pa bawuti lachitatu nati inamupulumuka katatu. Anatukwana, namasula zonse, naika ya 36, yofanana ndi kambale kaja kamene kanapita ndi madzi kali pa msomali. Anapaka girisi bawuti lililonse, nafupikitsa tcheni.

Nurbaiti anafika itatha swala ya masana kumzikiti. Anazunguza pedulo ndi dzanja, namwetulira koyamba chibwerere. "Yapepuka, Cek!"

"Khala pansi, Nyak."

Maun sanazungulire mawu. Anamuuza za mbale yaikulu, za bondo lotupa, za Lachisanu, za domino, za Lolemba. "Bambo ako anabwera kudzapempha mbale ngati iyi, masiku awiri madzi asanabwere. Inali pa msomali. Inali ntchito ya mphindi zochepa. Ine ndinawanamiza kuti ndi ya tsiku lonse, chifukwa sindinkafuna kudzuka pampando. Zoti pakhona paja sipakwereka ndinkanena kuti ndizipeza tulo. Sindikudziwa ngati n'zoona. Sindinayesepo, ndinkaopa."

Mayiyo anayang'ana mbale yakale imene inali pa benchi. Sanalire. Kenako anafunsa:

"Munapambana?"

"Chiyani, Nyak?"

"Domino."

"Ndinapambana."

Nurbaiti anadzuka, nalunjika ku golosale. "Kak Biah, pa lole paja munandiwakha ndinu. Ndinkalemera bwanji?"

Nkhalambayo inamuyang'ana, kenako inalowa m'kati. Inakoka thumba la mpunga la makilo khumi ndi asanu, kulinyamula pachifuwa monga amanyamulira mwana, n'kutsinzina. "Onjezerapo makilo asanu a shuga," inatero. "Unali kamwana kodya bwino."

"Mangani, Cek," anatero Nurbaiti.

Maun anamanga thumba ndi shuga pa kaliyala ndi chingwe cha chubu. Anagwira chipika cha pa pedulo. "Ichi chikusokoneza, ndichotse?"

"Chisiyeni."

Msewu watsopano umazungulira chitunda patali, koma njira yakale ikadalipo momwe inalili, phula lake lodyekadyeka, ndipo mtengo wa mango uja unaphukanso. Nurbaiti anakwinya siketi yake, nakwera, nadutsa msewu. Maun anamutsatira wapansi mpaka m'tsinde mwa chitunda, Kak Biah akubwera m'mbuyo, sefa yake ya khofi ili m'manja.

Njinga inayamba kukwera pang'onopang'ono, mapedulo akuzungulira msanga, thumba likugwedezeka. Maun ankadziwa pamene anthu amatsikira, pa mwala woyera khona lisanafike. Ndinene zoona, pakuti iye mwini anandiuza: theka la mtima wake linkapempha kuti njingayo iime. Theka linalo linkamukankha mayiyo kumsana. Munthu sayenera kukhala ndi mapemphero awiri otere nthawi imodzi, zimang'amba chifuwa.

Anadutsa mwala woyera. Anafika pa mango. Handulo inagwedera kumanzere, kumanja, mayiyo anawerama, tcheni inakokeka koma sinalire. Anakhota. Kamunthu kosadya, ka mikono ngati timitengo, phazi limodzi pa chipika chosamuyenera, ndipo sanadzuke n'komwe pa chishalo. Mapazi khumi. Makumi awiri. Anapyola chipilala chimene boma linaika posonyeza pamene madzi analekezera, napitirirabe mpaka pamwamba.

Kak Biah anakhala pansi m'fumbi momwemo, nayamba kutchula dzina la Mulungu.

Pamwambapo Nurbaiti anatsika. Anaima atagwira thumba la mpunga ndi manja awiri, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Kenako anatembenukira kumunsi, ndipo mawu ake anatsika chitunda chonse, osweka, ngati a mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

"Cek! Sindinali wolemera!"

Maun anazinga manja kukamwa, misozi ikulowa m'ndevu, ndipo anakuwa kuti amve iye, amve Kak Biah, amvenso onse amene anatuluka m'mashopu kudzaonerera.

"Ayi, Nyak! Sunali iwe!"